Kalata yotseguka: nyama za m'makatuni ziyankhule chinenero cha ana athu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Achinyamata, Masewera ndi Zaluso, a Nduna ya Zofalitsa Nkhani, akuluakulu a ZNBC, a Independent Broadcasting Authority (IBA) ndi a National Arts Council of Zambia,

Zikomo akuluakulu.

Ndine mphunzitsi wa ana aang'ono pa sukulu ina ya m'komboni kuno ku Chawama, ndiponso ndine kholo. Pempho langa ndi limodzi. Patulani ndalama ndi nthawi ya pa TV kuti makatuni a ana, makamaka aja a nyama zoyankhula, azimveka m'Chinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino, ndiponso kuti ena mwa makatuniwo azijambulidwa konkuno ndi ana athu omwe. Ndikudziwa kuti pamatebulo panu pali nkhani zolemera, za mtengo wa ufa, za magetsi, za ngongole za dziko. Komabe ana ambiri a mu Lusaka masiku ano amakhala nthawi yaitali akuyang'ana TV kapena foni kuposa imene amakhala pafupi ndi agogo awo, ndipo pa nthawi yonseyo amene akuwafotokozera za dziko ndi mkango, kalulu ndi mbalame zojambulidwa. Chinenero chimene nyamazo zikuyankhula chiyenera kukhala nkhani ya boma.

Chandidzutsa kuti ndilembe ndi filimu ya Adventures in Zambezia. Inatuluka mu 2012, yopangidwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nkhani yake ndi ya kabawi wamng'ono dzina lake Kai, amene akukula yekha ndi bambo ake, a Tendai, kutali ndi mbalame zina. Tsiku lina Kai akuthawa kupita kumzinda wa mbalame womangidwa mumtengo waukulu wa mlambe m'mphepete mwa mathithi, ndipo mathithiwo ndi athu omwe a Mosi-oa-Tunya. Mdani wa mzindawo ndi chimng'azi chachikulu chokonda mazira, dzina lake Budzo, chimene chagwirizana ndi madokowe a mitu yadazi aja otchedwa marabou. Mtsinje ndi wathu, mtengo ndi wathu, mbalame zambiri za m'menemo timaziona kwathu kuno. Mawu a bambo a Kai anayankhula ndi Samuel L. Jackson wa ku America. Filimuyo ndi yabwino ndithu, ndipo amene anaipanga ndikuwavulira chipewa, poti anaonetsa kuti ntchito yotere ingatheke kum'mwera kwa Africa kuno.

Potsekera temu tinaonetsa filimuyi kwa ana a makalasi ang'onoang'ono. Tinabwereka projekita, tinapachika nsalu yoyera ya pabedi pa bolodi, mawindo tinatchinga ndi zitenje, ndipo poti magetsi anali atapita, kholo lina linatithandiza ndi jenereta. Ana anakhala pansi mopanikizana, ena atanyamula ang'ono awo pamiyendo. Mbalame zikayamba kuuluka mothamangitsana, kalasi yonse inkaimirira. Chimng'azi chitatulukira koyamba, kamtsikana kena kanabisa nkhope m'juzi la mkulu wake, kenako n'kusuzumira ndi diso limodzi. Mbalame ikagwa kapena kudzigunda pamtengo, kuseka kwake kunkamveka mpaka kumsika.

Koma mbalamezo zikangotera n'kuyamba kukambirana, chipinda chinkasokonekera. Ena ankayamba kutsinana, ena kupempha kupita kuchimbudzi. Kumbuyo ndinamva kamnyamata kakufunsa mobwerezabwereza kuti, "Aticha, akamba chani?" Mtsikana wina wamkulupo, amene Chingerezi amachimvako, anasanduka womasulira wa anzake asanu kapena asanu ndi mmodzi amene anamuunjirira. Ankayesetsa mwana uja, koma mbalame za m'filimu zimayankhula mofulumira, ndi katchulidwe ka ku America, ndipo iye akamamaliza kumasulira chiganizo chimodzi, zina zitatu zinali zitadutsa kale.

Filimu itatha ndinawafunsa chifukwa chimene madokowe aja anapangira chiwembu mzinda wa mbalame zinzawo. Manja anakwera ambiri. Wina anati chifukwa ndi oipa mtima. Wina anati chifukwa ndi onyansa nkhope. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anatchula chifukwa chimene filimuyo imapereka, chakuti madokowewo anasalidwa, sanapatsidwe malo mumzindamo, ndipo mkwiyo wawo unachokera pamenepo. Palibenso anamvetsa chifukwa chimene a Tendai ankakanizira mwana wawo kuchoka pakhomo, kuti anali bambo woferedwa mkazi amene ankaopa kutayanso mwana. Zinthu ziwiri zimenezi ndiye mtima wa nkhani yonse, ndipo ana a ku Chawama amazidziwa bwino kuposa ana ambiri a kumene filimuyo inkagulitsidwa. Amadziwa kunyozedwa chifukwa cha komboni yomwe akuchokera. Ambiri akuleredwa ndi kholo limodzi kapena ndi agogo amene sawalola kutalikira. Filimuyo inali ndi mawu owauza, koma mawuwo sanawafike. Anapita kunyumba ndi phunziro limene opanga filimu sanafune n'komwe, lakuti wonyansa nkhope ndiye woipa. Zimenezi zinandipweteka kwambiri.

Wina anganene kuti makatuni a m'Chinyanja alipo kale, ndipo n'zoona alipo a mtundu wina. Pitani m'tuntemba tokopera mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemore khadi, mukapeza mafilimu amene mnyamata mmodzi wayankhulira pamwamba pa mawu oyambirira, ena ochokera ku Malawi, ena opangidwa konkuno. Anyamata amenewa ali ndi luso lenileni. Munthu mmodzi amakhala mkango, nthawi yomweyo n'kukhala nyani, n'kumaponyamo nthabwala za m'basi ndi za pamsika, ndipo ana amaloweza mawu ake mpaka kumaseweretsa pabwalo la sukulu. Umenewu ndi umboni wakuti njala ilipo, msika ulipo. Vuto n'lakuti womasulira wotereyu amafuna kuseketsa anyamata anzake amene amalipira. Amaikamo zotukwana, nthabwala za kuchipinda, kunyoza mitundu ya anthu ndi olumala, ndipo kumene sanamve Chingerezi amangopeka zake. Mwini filimu salandirapo kanthu, ndipo palibe amene amaona ngati mawuwo ali oyenera mwana wa zaka zisanu. Kholo limaona katuni pa TV n'kukhazika mtima pansi, lili kukhitchini, osadziwa kuti m'kamwa mwa kambalame kokongola mukutuluka mawu amene mwana akawabwereza akwapulidwa. Sindikupempha kuti muwatumizire apolisi anyamata amenewa. Ndikupempha kuti muwaitane, muwaphunzitse, muwalembe ntchito yomweyo koma yoyenda m'njira yake.

Makolo amene ndacheza nawo sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo maganizo awo ndi ofunika kuwamva bwino.

Ambiri amafuna makatuni akhale m'Chingerezi momwemo. Amati mwana akamaonera, lilime lake limawongoka, ndipo mawa adzapambana mayeso n'kupeza ntchito. Kholo logulitsa tomato pa Soweto Market likamva mwana wake akutulutsa Chingerezi chonga cha pa TV, limaona kuti thukuta lake silikupita pachabe. Chiyembekezo chimenechi sindingachinyoze. Chingerezi ndi chinenero cha boma m'dziko lino, ndipo inenso ndimachiphunzitsa. Koma zimene ndimaona m'kalasi ndi izi: mwana amatola timawu ta kufuula ndi kudabwa, amatola kamvekedwe, koma ukamupempha kuti afotokoze nkhani imene waonera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, amakakamira m'Chingerezi, amakakamiranso m'Chinyanja. Kutsata nkhani, kudziwa kuti ichi chachitika chifukwa cha chija, kuyerekeza zimene zichitike kutsogolo, ndi luso limene mwana amaliphunzira msanga m'chinenero chimene amalota nacho. Akaligwira, amapita nalo ku Chingerezi, ku masamu ndi kwina kulikonse. Makatuni a Chingerezi sadzatha, ali pa matchanelo ambirimbiri usana ndi usiku. Ine ndikupempha kagawo kochepa chabe pambali pake.

Pali makolo enanso, makamaka a m'mipingo ina, amene amakana ana awo kuonera nyama zoyankhula. Amati ndi zamizimu. Akaona kadzidzi kapena fisi akutsegula pakamwa ngati munthu, amazimitsa TV. Mantha awo ndimawamvetsa, pakuti tonse tinakula tikumva zimene kadzidzi akalira padenga amatanthauza, ndi za amene amakwera afisi usiku. Komanso n'zoona kuti makatuni ena ochokera kunja ali ndi zinthu zosayenera ana. Chimene ndimawakumbutsa n'chakuti m'Baibulo momwemo, pa Numeri 22, bulu wa Balamu anayankhula n'kupulumutsa mbuye wake, ndipo pa Oweruza 9 mitengo inachita msonkhano wosankha mfumu. Agogo athu amene anamanga matchalitchi amenewa ndi omwewo ankatisimbira za Kalulu ndi Njovu madzulo. Ndaonanso kuti mantha a kholo amakula pamene silikumva zimene nyamayo ikunena. Likanamva m'chinenero chake kuti kambalameko kakungopepesa bambo ake, likanakhala pansi n'kuonera limodzi ndi mwana.

Nyama zoyankhula sitinaziphunzire kwa azungu. Wosimba akati "Padangokhala," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo kuyambira pamenepo Fulu ankatha kupita kukafunsira mbeta, Fisi ankang'ambika miyendo pofuna kutsata njira ziwiri za fungo la nyama, Kalulu ankakana kukumba nawo chitsime koma n'kumabwera usiku kudzaba madzi. Pakati pa nthano pankakhala nyimbo, wosimba akutsogolera, ana akuvomera. Ndipo luso limeneli linalowa kale m'makina a nyumba yanu youlutsira mawu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, a Julius Chongo ankasimba nthano zawo pa wailesi ya dziko lino m'pulogalamu ya Poceza M'madzulo. Munthu mmodzi ankasintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfumu, chilombo, ndipo mabanja ankasonkhana mozungulira wailesi kuyambira ku Chipata mpaka ku Matero. A Ernst Wendland, katswiri wa zinenero amene akhala zaka zambiri muno mu Lusaka, analemba zina mwa nthanozo m'mabuku. Zimene a Chongo ankachita ndi pakamwa pokha ndi theka la ntchito ya katuni, pakuti katuni wabwino amayamba ndi mawu, zithunzi zimatsatira pambuyo. Akuluakulu a ZNBC, ndikukupemphani kuti matepi onse a nthano za m'zinenero zathu amene ali m'nkhokwe zanu ku Mass Media Complex asamutsidwire m'makompyuta asanaonongeke, ndipo achinyamata ojambula aloledwe kuwamvera. Pokambirana bwino ndi mabanja a eni ake, zina mwa nthanozo zingavekedwe zithunzi.

Anzathu anayamba kale. Mu 1994 kampani ya Disney inatulutsa The Lion King m'Chizulu, ndi nyimbo zomwe. Ku Nairobi achinyamata a ku Kenya anajambula Tinga Tinga Tales, nthano za chifukwa chimene nyama zilili momwe zilili, potengera kajambulidwe ka Tingatinga ka ku Tanzania, ndipo zinaonetsedwa mpaka ku Britain. Ku Dar es Salaam bungwe la Ubongo limapanga makatuni ophunzitsa ana, momwe muli nyama zoyankhula ndi kuimba, n'kumawamasulira m'zinenero zambiri za mu Africa. Kwathu kuno tili ndi chonyadira chachikulu. Mu July 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi opulumutsa mzinda, imene anaiyambitsa ndi mwana wa dziko lino, a Malenga Mulendema, ndipo mzinda wa m'nkhaniyo ndi Lusaka wathu yemweyu wa m'tsogolo. Mayiwa anatulukira kudzera m'mpikisano wa olemba nkhani umene Triggerfish inachititsa mu 2015. Taonani njira imene luso lawo linayenda: nkhani ya ku Lusaka, situdiyo ya ku Cape Town, kampani ina ya ku London, ndalama za ku America, ndipo katuniyo anamasuliridwanso m'Chizulu. Onsewa anachita mbali yawo. Kuti mwana wa ku Kanyama, amene kwawo kulibe Netflix ndipo bandulo ya intaneti imathera pa WhatsApp ya amayi ake, aone mzinda wake ndi kuumva m'chinenero chake, imeneyo ndi mbali yathu. Palibe wa ku London adzatichitire.

Mwina mukuganiza kuti ndi ntchito ya ndalama zosaneneka. Kumasulira katuni wopangidwa kale ndi kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kujambula watsopano. Choyamba mumagula chilolezo kwa mwini filimu. Iye amakupatsani filimuyo pamodzi ndi mbali ya nyimbo ndi phokoso lina lonse, la mphepo, la madzi, la mapiko, koma yopanda mawu a oyankhula, pakuti opanga mafilimu amasunga zimenezi padera n'cholinga chomwechi. Kenako pamafunika wolemba wodziwa zinenero zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene pagona luso. Mawu athu ndi aatali. Pamene mbalame yatsegula mlomo kawiri m'Chingerezi, Chinyanja chingafune kasanu, choncho wolembayo ayenera kupeza njira ina yonenera chinthu chomwecho m'kanthawi komweko, nthabwala ya ku America n'kuichotsa, n'kuikapo imene mwana wa ku Mtendere angaseke. Akatero, osewera amalowa mu situdiyo mmodzimmodzi, atavala zomvera m'makutu, akuyang'ana chithunzi, n'kumabwereza chiganizo mpaka chigwirizane ndi mlomo. Pomaliza katswiri wa mawu amasakaniza zonse. Zipinda zojambulira mawu zilipo ku ZNBC, ndipo masitudiyo a oimba ali mbwee mu Lusaka. Osewera a masewero a pa wailesi tili nawo. Masukulu a ZAMCOM, Evelyn Hone College ndi University of Zambia akutulutsa achinyamata odziwa makina ndi zinenero chaka ndi chaka, ndipo kuyambira 2018 sukulu ya MultiChoice Talent Factory yakhala ikuphunzitsa opanga mafilimu muno mumzinda. Nyama za m'katuni zilinso ndi ubwino wina: mlomo wa mbalame kapena kukamwa kwa mvuu sikuvuta kugwirizanitsa ndi mawu atsopano ngati milomo ya munthu weniweni.

Kujambula zathuzathu ndiye kolemera, ndipo sindikubisirani. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Ojambula pamanja ambiri amajambula 12, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Katuni wa mphindi zisanu zokha angafune zithunzi 3,600. N'chifukwa chake filimu yaitali imatenga zaka ndi anthu ambirimbiri. Koma sitiyenera kuyambira pa filimu yaitali. Mapulogalamu a pakompyuta monga Blender, Krita ndi OpenToonz ndi aulere, ndipo amachepetsa ntchito yobwerezabwereza. Muno mu Lusaka muli anyamata ndi atsikana amene adziphunzitsa okha pa YouTube, akujambula timakatuni ta masekondi ochepa n'kumatiika pa Facebook ndi TikTok. Amalekera panjira chifukwa cha lendi ndi njala, n'kukayamba kujambula zikwangwani za mabizinesi. Chimene akusowa ndi munthu wowauza kuti: nayi ndalama ya miyezi ingapo, tipangireni nthano zisanu ndi imodzi za mphindi zisanu iliyonse, tidzazionetsa tsiku lakuti. A National Arts Council, thumba lotere liyenera kukhala la chaka chilichonse, lolengezedwa poyera, osankha ake odziwika, kuti wojambula wa ku Mandevu amene alibe wachibale mu ofesi akhale ndi mwayi wofanana ndi wina aliyense. Mpikisano wa kamodzi wokhala ndi mwambo wa ku hotelo sukulitsa luso. Situdiyo imakula ikadziwa kuti ikamaliza ntchito iyi, ina ikubwera.

Za nkhani zoti ajambule musade nazo nkhawa. Dziko lino lili ndi nyama zimene dziko lonse lapansi limalipira ndalama zambiri kudzaona. M'chigwa cha Luangwa muli mtundu wa nyamalikiti umene supezeka kwina kulikonse. Ku Kasanka mileme mamiliyoni imasonkhana m'kankhalango kamodzi chakumapeto kwa chaka chilichonse. Nkhwazi ili pa mbendera yathu. Ngaka, kanyama kamamba kofatsa kaja kamene anthu akukazembetsa kunja mpaka katsala pang'ono kutha, ikanakhala ndi dzina ndi mawu pa TV, mwana amene wakula akuikonda sakanadzalola kuti igulitsidwe m'thumba. Ana anga a m'kalasi amadziwa panda ndi penguin, koma ambiri sanaonepo mbidzi, ngakhale Munda Wanga ili pa Chilanga pomwepa ndipo Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 ndipo tsopano ikusunga ana a njovu amasiye, ili kunja kwa mzinda pang'ono chabe. Mwana wa njovu amene amayi ake anaphedwa ndi opha nyama mozemba, akuleredwa ndi anthu, akuphunzira kubwerera kutchire: nkhani yotere mwana wamasiye wa m'komboni angaimve mpaka m'mafupa.

Pano ndichenjeze pang'ono, chifukwa ndikudziwa mmene zinthu zimayendera boma kapena bungwe lothandiza likaika ndalama. Pamabwera komiti, ndipo komitiyo imafuna kuti Kalulu aziphunzitsa kusamba m'manja, Fulu azilimbikitsa kulipira msonkho, Njovu izichenjeza za kolera. Mauthenga amenewa ndi ofunika, makamaka kwa ife amene timaona kolera nthawi ya mvula, koma ali ndi malo ake. Mukadzaza nthano ndi malangizo, ana amanunkhiza msanga n'kusintha tchanelo. Kalulu wa agogo athu anali wochenjera, wabodza nthawi zina, waulesi, ndipo si nthawi zonse pamene ankalangidwa. Nthano ikatha tinkakangana tokha ngati anachita bwino kapena ayi, ndipo m'kukanganako ndi mmene munali maphunziro. Msiyeni Kalulu akhale Kalulu. Ndipo nyimbo yovomerezana ija isatayike. Katuni angathe kusiya mpata kuti ana oonera avomere, ndipo ndikukutsimikizirani kuti adzavomera mpaka oyandikana nawo nyumba adzadandaula.

Padzabukanso mkangano wa Chinyanja chake chiti. A kum'mawa adzati cha mu Lusaka n'chosokonezeka, chodzaza Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi. A mu Lusaka adzati cha m'mabuku n'chozama, ana sachimva. Ine monga mphunzitsi ndimakhala pakati pa mkangano umenewu tsiku lililonse. Maganizo anga ndi akuti katuni ndiye malo abwino kumene ziwirizi zingakumane popanda kumenyana. Fulu wokalamba ayankhule Chichewa cha ku Katete ndi miyambi yake, kamwana ka Kalulu kayankhule monga amayankhulira ana a ku Garden, ndipo azimvana monga mmene agogo ndi mdzukulu amamvanirana m'nyumba zathu. Mwana adzatola mawu akuya osadziwa kuti akuphunzira. Akatswiri a zinenero a ku Curriculum Development Centre athandize kuona kuti mawu ndi oyenera msinkhu, koma asawongole chiganizo chilichonse mpaka nyama zonse ziziyankhula ngati buku la mayeso.

Ndalankhula za Chinyanja chifukwa ndicho ndimadziwa, koma Radio 1 ya ZNBC imaulutsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Katuni mmodzi akajambulidwa, angavekedwe mawu kasanu ndi kawiri popanda kujambulanso chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo pakona pangaikidwe womasulira m'chinenero cha manja kuti ana osamva asatsalire. Sewero la anthu enieni silingachite zimenezi mosavuta chotere. Komanso wa m'Chinyanja sadzathera m'malire athu. Ku Malawi konse ndi ku Tete ku Mozambique ana adzamumva, ndipo kumeneko ndi msika wogulitsako.

Chotsala ndi kufikitsa zinthuzi kwa ana. Masinema a m'mamolo ndi a mabanja ochepa. Tikiti, basi ndi chimanga chokazinga cha kumeneko za ana atatu zimadya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo. Nyumba zambiri zimadalira TV, choncho ZNBC iike nthawi yokhazikika, Loweruka m'mawa ndi madzulo ena a m'kati mwa sabata ana ataweruka, imene siisuntha chifukwa cha msonkhano wa chipani kapena mpira. Timalipira levi ya TV mwezi ndi mwezi, ndipo ana ndi gawo lalikulu la anthu a dziko lino, choncho si kupempha mopitirira kufuna kuti kagawo kodziwika ka ndalamayo kapite ku mapulogalamu awo. A IBA, pamene mukuwerengera nyumba zoulutsira mawu kuchuluka kwa zinthu za konkuno zimene zimaonetsa, werengerani padera za ana za m'zinenero zathu, chifukwa nyimbo za achikulire ndi nkhani za ndale zikhoza kudzaza muyeso wonse mwana osapatsidwa kanthu. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, makomboni ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo tinaphunzira kuti TV yokha siyodalirika. Mawu a makatuni omwewo angaulutsidwe pa wailesi ngati nthano. Magalimoto oonetsa mafilimu m'madera a ZANIS, nthambi ya boma yofalitsa nkhani, angatenge makatuniwa popita kukalengeza za boma. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo projekita imodzi, sipika ndi batire la sola zoyendayenda m'masukulu a wadi imodzi ndi kadontho chabe m'ndalama zimenezo. Makatuni opangidwa ndi ndalama za boma aperekedwenso mwaulere kwa aphunzitsi ndi makolo, m'mafayilo aang'ono otumizika pa foni, kuti tuntemba tija tizikopera ana zinthu zabwino mwalamulo.

Osewera, olemba, oimba ndi ojambula alipidwe bwino ndi pa nthawi yake, mayina awo alembedwe kumapeto kwa filimu, ndipo mapangano anene momveka kuti katuni akagulitsidwa kunja, gawo lawo ndi lotani. Nkhalamba ya kumudzi imene yapereka nthano kapena nyimbo isaiwalidwe pa malipirowo.

Bajeti ya dziko nthawi zambiri imawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo chakumapeto kwa September. Ndikupempha kuti isanafike nthawi imeneyo maofesi anu akhale pamodzi, muitane ojambula makatuni, osewera a pa wailesi, anyamata omasulira mafilimu a m'makomboni ndi aphunzitsi a ana aang'ono, mugwirizane filimu imodzi ya nyama yoti imasuliridwe mwalamulo ndi nthano zingapo zazifupi zoti zijambulidwe chaka chamawa, ndipo mutiuze pa wailesi kuti ndalama yake ndi zingati, ili mu unduna uti, ndipo woyankha mafunso athu ndi ndani. Aphunzitsi a m'makomboni tili okonzeka kubweretsa ana kuti akaonere zoyamba zisanatulutsidwe, mukaone nokha pamene akuseka ndi pamene akutopa.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa ana aang'ono, Chawama, Lusaka